Foni Yodulidwa: Mmene Wailesi ya Rock Inayambira ku San Francisco

 

Lero tipita kutali, ku mzinda wa San Francisco m'chigawo cha California ku America, ndipo tibwerera m'mbuyo mpaka chaka cha 1967. Nkhani yathu ndi ya wailesi ina yosauka yotchedwa KMPX, imene inasintha kaulutsidwe ka nyimbo za rock m'dziko lonselo. Mwina wina akuti, za rock ife zitikhudza pati? Musatseke msanga. Funso limene anthu a pa wailesi imeneyi analimbana nalo limakhudza aliyense wokonda wailesi. Nyimbo imene ikulira panopa, wasankha ndani? Kodi ndi muulutsi amene waimvetsera yekha naikonda, kapena ndi pepala lochokera ku ofesi ya abwana?

M'zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1960, wachinyamata wa ku America akafuna nyimbo ankatsegula wailesi ya AM. Kumeneko kunkalamulira dongosolo lotchedwa Top 40, limene ambiri amati analiyambitsa ndi Todd Storz mumzinda wa Omaha. Nzeru yake inali yapafupi. Tenga nyimbo 40 zimene zikugulidwa kwambiri sabata imeneyo, uziziliza mobwerezabwereza kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mu 1965 mkulu wina, Bill Drake, analimangitsanso dongosololi pa wailesi ya KHJ ku Los Angeles, kenako pa KFRC ku San Francisco komweko. Nyimbo zinatsika kufika pa 30. Muulutsi ankauzidwa kuti alankhule mothamanga, mokweza, kwa masekondi owerengeka, atchule dzina la wailesi, atchule nthawi, aponye nyimbo yotsatira pa mndandanda. Nyimbo ikapitirira mphindi zitatu, eni wailesi ankaiona ngati yodya nthawi ya malonda.

Tisalinyoze kotheratu dongosolo limeneli. Linkabweretsa ndalama, ndipo linalowetsa mawu a oimba achikuda a ku Detroit ndi ku Memphis m'nyumba za azungu zimene mwina sakanalowamo. Vuto linali lakuti nyimbo zinakula, wailesi n'kutsalira. Oimba anayamba kuganiza za chimbale chathunthu, chija chachikulu chokhala ndi nyimbo zingapo mbali iliyonse, m'malo mwa kachimbale kakang'ono ka nyimbo imodzi kuno ina kuseri. Gulu la The Doors linatulutsa chimbale chake choyamba mu Januwale 1967. Nyimbo yawo ya "Light My Fire" pa chimbalecho ndi ya mphindi zisanu ndi ziwiri, koma kuti imveke pa AM anaidula mpaka inatsala yosakwana mphindi zitatu, ndipo chimene anachotsacho ndi pakati pake, pamene oimbawo ankaonetsa luso la manja awo pa zing'wenyeng'wenye. Mu Juni chaka chomwecho a Beatles anatulutsa chimbale cha Sgt. Pepper osatulutsapo kachimbale kakang'ono ngakhale kamodzi.

Mu San Francisco momwemo munali magulu amene achinyamata ankadzazira m'maholo a Fillmore ndi Avalon kukawavinira usiku wonse: Jefferson Airplane, Grateful Dead, Quicksilver Messenger Service, komanso Big Brother and the Holding Company, gulu limene munkaimba Janis Joplin. Kutsidya kwa nyanja ku Berkeley kunali Country Joe and the Fish. Mwana wa mumzindawo ankatha kuwaona ndi maso Loweruka usiku, koma Lolemba akatsegula wailesi ya kwawo, zambiri za nyimbo zimene anavina zija sankazimva. Imeneyinso inali nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam. Pofika kumapeto kwa 1967 asilikali a America kumeneko anali pafupifupi theka la miliyoni, ena mwa iwo anyamata otengedwa mokakamiza. Achinyamata anali ndi mkwiyo, anali ndi mantha, anali ndi mafunso, pamene wailesi yawo inkangokuwa zotsatsa mankhwala a ziphuphu.

Nanga FM inali kuti? Inalipo ndithu. Edwin Armstrong anaitulukira kale m'ma 1930, ndipo kuyambira 1961 inaloledwa kuulutsa mawu a sitiriyo, omveka bwino kuposa AM. Koma anthu okhala ndi mawailesi ogwira FM anali ochepa, m'magalimoto ambiri munalibe, ndipo otsatsa malonda sankaiwerengera. Makampani okhala ndi AM ndi FM ankangotenga za pa AM n'kuziponyanso pa FM. Bungwe la boma loyang'anira zoulutsa mawu, la FCC, linaika lamulo limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1967, lakuti m'mizinda ya anthu opitirira 100,000, wailesi ya FM isamabwereze za pa AM kupitirira theka la nthawi yake. Mwadzidzidzi eni mawailesi anapezeka ali ndi maola ambirimbiri osowa choikamo. Lamulo limeneli mulisunge m'mutu, chifukwa tikumana nalonso.

KMPX inali pa 106.9 FM. Mwini wake anali Leon Crosby, ndipo inalibe wailesi ya AM yoidyetsa. Inkakhalira moyo pogulitsa maola kwa anthu obwera ochokera kumaiko ena, amene ankaulutsa mapulogalamu m'zinenero za kwawo monga Chipwitikizi ndi Chitaliyana. Mu Febuluwale 1967 mnyamata wina wochokera ku Detroit, Larry Miller, anapatsidwa nthawi imene aliyense sankaifuna, kuyambira 12 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa. Ankabwera ndi zimbale zake, n'kumaika zimene mtima wake wakonda. Dzina la Larry Miller ndalitchula mwadala, chifukwa nkhaniyi ikamakambidwa ambiri amalumpha n'kuyambira pa munthu wotchuka amene anabwera pambuyo pake. Woyamba kuika nyimbo zimenezi pa KMPX anali Miller, pakati pa usiku, mzinda uli mtulo.

Wotchukayo ndi Tom Donahue, chimunthu chachikulu thupi, cha ndevu, cha mawu a besi, chimene anthu ankachitcha Big Daddy. Iyeyu sanali mlendo pa Top 40. Anagwira zaka zambiri pa WIBG ku Philadelphia, ndipo mu 1961 anasamukira ku KYA ya ku San Francisco kumene anatchuka kwambiri. Anali ndi kampani yojambula nyimbo ya Autumn Records, ndipo mnyamata amene ankamuthandiza kujambulako ndi amene dziko linadzamudziwa ndi dzina loti Sly Stone. Donahue ndi mnzake Bobby Mitchell ndi amenenso anakonza phwando la maimbidwe la a Beatles pa bwalo la Candlestick Park pa 29 Ogasiti 1966, limene linakhala lomaliza kuti gululi liimbire anthu olipira pakhomo. Mipando yambiri tsiku limenelo inali yopanda anthu, ndipo okonzawo analowa m'thumba. Pofika 1967 Donahue anali atasiya wailesi, kampani yake ya nyimbo itagwa, zaka zake zikuyandikira 40.

Nkhani imene iye ndi mkazi wake Raechel ankaifotokoza ndi yakuti usiku wina ali kunyumba ndi anzawo ankamvetsera chimbale chija cha The Doors, ndipo anafunsana kuti zingatheke bwanji kuti nyimbo ngati zimenezi zisamveke pa wailesi iliyonse. M'mawa mwake Donahue anatenga buku la manambala a foni n'kuyamba kuimbira mawailesi a FM, imodzi ndi imodzi. Atafika pa KMPX anapeza foni yake itadulidwa. Munthu wina akanapitirira pa nambala yotsatira. Iye anazindikira kuti wailesi imene yalephera kulipira foni ilibe chotaya, ndipo mwini wake amvera chilichonse chimene chingabweretse kangachepe. Anapita kukaonana ndi Crosby. Lachisanu pa 7 Epulo 1967, 8 koloko madzulo, Donahue anatsegula pulogalamu yake, mpaka 12 koloko usiku pamene Miller ankalowa.

Tsopano ndikufuna tichedwepo pa mmene pulogalamuyi inkamvekera, chifukwa mtima wa nkhani uli pamenepa. Donahue anachotsa tinyimbo totamanda dzina la wailesi. Analetsa kulankhula pamwamba pa nyimbo. Analetsa kukuwa. Muulutsi ankalankhula mofatsa, ndi mawu ake enieni, ngati akucheza ndi munthu mmodzi amene wakhala naye m'chipinda. Ankaika nyimbo zitatu kapena zinayi motsatizana osaduliza, kenako n'kukuuzani mayina ake ndi oimba ake, nthawi zina n'kufotokozanso chifukwa chimene waziikira pamodzi. Apa ndi pamene luso la muulutsi linkaonekera. Nyimbo ya blues ya mkulu wachikuda wa ku Chicago inkatha kutsatana ndi ya anyamata a ku London amene anaphunzira kwa iyeyo, ndipo womvera ankadzimvera yekha ndi makutu ake kumene nyimboyo inachokera. Pankabwera jazz, pankabwera Ravi Shankar wa ku India ndi sitar yake, pankabwera tepi ya gulu la m'tauni momwemo limene linali lisanatulutse chimbale. Nyimbo ya mphindi khumi inkalira mpaka kumapeto.

Mndandanda wochokera kwa abwana panalibe. Chimene wailesi inkagula polemba munthu ntchito chinali khutu lake. Ine ndimaona kuti apa Donahue analemekeza anthu awiri nthawi imodzi. Analemekeza muulutsi pomukhulupirira kuti amadziwa nyimbo, ndipo analemekeza womvera pomutenga ngati munthu wamkulu amene angathe kumvetsera chinthu chachilendo mpaka chithe osathawa. Ntchito yotereyi si yopepuka ayi. Kuwerenga mndandanda aliyense angathe. Kudzaza maola anayi ndi nyimbo zosankha wekha, usiku uliwonse, kumafuna munthu amene masana onse wakhala akumvetsera.

Omvera anayankha msanga. Situdiyo ya KMPX inali pa 50 Green Street, m'dera la nyumba zosungiramo katundu kufupi ndi doko, ndipo anthu ankangofika, ena atanyamula zimbale zawo kuti zimveke. Chilimwe cha 1967 achinyamata pafupifupi 100,000 anakhamukira ku dera la Haight-Ashbury, ambiri opanda pogona, opanda wachibale mumzindamo. Wailesi ndi imene inkawalumikiza. Wotaya galu ankalengezetsa pamenepo, wofuna thandizo la galimoto yopita ku mzinda wina chimodzimodzi. Inkachenjezanso pakamveka kuti m'misewu mwalowa mankhwala ozunguza bongo oopsa. Pamenepa sindibisa mawu. Chamba ndi LSD zinali paliponse m'moyo umenewu, ngakhale pakati pa aulutsi ena, ndipo achinyamata ambiri anaonongeka nazo, oimba ena anafa adakali aang'ono. Amene amakamba za nthawiyi ngati ya maluwa okhaokha sakunena zonse.

Donahue analembanso ntchito atsikana kuti akhale amisiri oyendetsa makina mu situdiyo, chinthu chimene chinali chosowa nthawi imeneyo. Koma poyamba maikolofoni inali ya amuna. Mmodzi mwa atsikanawo, Dusty Street, anadzakhala muulutsi wodziwika pambuyo pake, atayamba wakhala kuseri kwa makina. Ufulu umene ankaulalikira unafika kwa amayi mochedwerapo.

Pofika Ogasiti 1967, KMPX inali ikuulutsa nyimbo zimenezi usana ndi usiku. Kumbukirani kuti maola amenewa anali ndi eni ake. Pangano la pulogalamu ya chinenero china likatha, silinkawonjezeredwa, ndipo nthawiyo inkapita kwa anthu a Donahue. Pali agogo ena obwera amene tsiku lina anatsegula wailesi kuti amve chilankhulo cha kwawo n'kupeza magitala. Mbiri ya rock siiwatchula kawirikawiri, koma iwo ndi amene ankalipira magetsi a KMPX pamene wina aliyense sankaifuna.

Mu Novembala chaka chomwecho mumzinda womwewo munabadwa magazini ya Rolling Stone, ndipo m'kope lake lachiwiri Donahue analembamo nkhani yonena kuti wailesi ya AM inafa kale, mtembo wake ndi umene ukununkhitsa mlengalenga. Anali mawu aukali, ochokera kwa munthu amene AM yomweyo inamulera. Oimba nawo anayamba kupeka nyimbo ali ndi KMPX m'maganizo. John Fogerty wa gulu la Creedence Clearwater Revival ananenapo kuti nyimbo yawo ya "Suzie Q" anaitalikitsa dala kupitirira mphindi zisanu ndi zitatu kuti iyenerane ndi KMPX, ndipo wailesiyi inkaiika kuchokera pa tepi chimbale chisanatuluke. Taonani mmene zinthu zinatembenukira. Kale woimba ankadula nyimbo kuti ikwane pa wailesi. Tsopano ankaitambasula chifukwa wailesi yampatsa malo.

San Francisco sinali yokha. Ku New York, WOR-FM inali itayesa zofananako kuyambira mu Julayi 1966, ndipo eni ake atabweza mndandanda wokhwima, aulutsi ake ena anasamukira ku WNEW-FM kumapeto kwa 1967. Ku St. Louis kunali KSHE. Ku Boston, WBCN inayamba rock pa 15 Malichi 1968. Koma KMPX ndi imene ambiri ankaitchula ngati chitsanzo.

Ndalama zitayamba kulowa, mavuto analowa nazo. Crosby anagula wailesi ina, KPPC, imene inkaulutsira m'chipinda cha pansi pa tchalitchi cha Presbyterian ku Pasadena, kufupi ndi Los Angeles, ndipo Donahue ankayang'anira zonse ziwiri, kumangokhalira ulendo pakati pa mizinda iwiriyi. Antchito ankalandira malipiro ochepa, ndipo macheke ena akapita nawo ku banki ankabwezedwa. Iwo ankaona kuti wailesi aidzutsa ndi manja awo, koma phindu likukakulitsa chuma cha mwini. Crosby nayenso anali ndi madandaulo ake. Chiphaso chinali m'dzina lake, ngongole zinali zake, ndipo wina akalankhula zosayenera pa maikolofoni woyankha ku boma anali iyeyo. Atamuchotsa Donahue pa udindo woyang'anira wailesi ya ku Pasadena, Donahue anatula pansi ntchito yonse.

Lolemba pa 18 Malichi 1968, 3 koloko m'bandakucha, antchito a KMPX anatuluka mu situdiyo n'kunyanyala ntchito, ndipo anzawo a ku KPPC anachita chimodzimodzi. Panja pa Green Street panali khamu la omvera. Oimba anabwera ndi zida zawo n'kuimba mumsewu usiku womwewo, ena mwa iwo a Creedence aja, mpaka apolisi anabwera anthu okhala pafupi atadandaula za phokoso. Magulu ngati Grateful Dead ndi Rolling Stones anapempha kuti wailesiyo isaikenso nyimbo zawo mpaka nkhani itatha. Otsatsa malonda ambiri anachotsa malonda awo. M'maholo a mumzindamo munachitika maphwando a maimbidwe opezera ndalama zothandizira onyanyalawo. Crosby analemba anthu ena ntchito, wailesi inapitiriza kulira, ndipo kunyanyalako kunatenga masabata asanu ndi atatu.

Pa mkangano umenewu ine ndili kumbali ya antchito pa nkhani ya malipiro. Munthu amene wagwira ntchito mwezi wathunthu sayenera kuchita manyazi pa kauntala ya banki chifukwa cheke cha abwana chilibe ndalama. Koma pali chinthu chimene onyanyalawo anachizindikira mochedwa. Iwo ankaitenga KMPX ngati yawo, ndipo kunena za mzimu wake inalidi yawo. Mlongoti, makina ndi chiphaso zinali za wina. Akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Ufulu wawo wonse unali wobwereka kwa munthu amene anawalola chifukwa choti anali pa mavuto, ndipo mavutowo atachepa anafuna kuti mawu ake amvekenso m'nyumba mwake.

Ambiri mwa onyanyalawo sanabwerere ku KMPX. Apa ndi pamene lamulo lija la FCC likutipezanso, chifukwa makampani akuluakulu tsopano ankasakasaka choika pa FM chimene chingakope achinyamata. Kampani ya Metromedia ya ku New York, mwini wake wa WNEW-FM, inali ndi wailesi ku San Francisco pa 94.9 FM imene inkaulutsa nyimbo zachikale za ku Ulaya, omvera ake ochepa. Inatenga Donahue ndi gulu lake lonse pafupifupi. Pa 21 Meyi 1968, tsiku limene Donahue ankakwanitsa zaka 40, anayamba kuulutsa pa wailesiyo, imene dzina lake linali KSAN. Omvera anawatsatira. KMPX inatsala ndi mlongoti wake ndi nambala yake ya 106.9, koma inafooka, Crosby anaigulitsa, ndipo mu 1972 inasiya rock.

Anthu amene ankadzitcha otsutsa dongosolo la makampani tsopano ankalandira malipiro kuchokera ku kampani yaikulu, ndipo macheke ake sankabwezedwa. Ena anawanena kuti adzigulitsa. Ine sindiwaweruza choncho, chifukwa zaka zingapo zotsatira KSAN inachita ntchito imene mawailesi ochepa anaichitapo. Pa 6 Disembala 1969 a Rolling Stones anaimba ulere pa bwalo la Altamont, kum'mawa kwa mzindawu, ndipo mnyamata wachikuda wa zaka 18, Meredith Hunter, anabayidwa n'kufa ndi mmodzi wa gulu la njinga zamoto la Hells Angels, limene linkalondera nsanja. Nkhani zoyamba kutuluka zinkanena ngati zonse zinayenda bwino. Mawa lake KSAN inatsegula mafoni kwa maola anayi, muulutsi Stefan Ponek akutsogolera, kuti amene analipo afotokoze zimene anaona. Ngakhale Sonny Barger, mtsogoleri wa Hells Angels ku Oakland, anaimba foni kudzanena mbali yake. Wailesi ya nyimbo inalola kuti anthu ake omwe adzifunse mafunso owawa poyera.

Malire analiponso. Mwezi womwewo muulutsi wachikuda, Roland Young, anachotsedwa ntchito chifukwa cha zimene analankhula pa wailesi poikira kumbuyo David Hilliard wa chipani cha Black Panther, amene ankaimbidwa mlandu woopseza Pulezidenti Nixon. Kampani inalola nyimbo zazitali ndi tsitsi lalitali. Pamene chiphaso chake chinaoneka kuti chili pangozi, sinazengereze.

Kwa inu okonda reggae, ndipo ndikudziwa kuti kuno tilipo ambiri, pali chinthu chimodzi chimene KSAN inatisiyira. Mu Okutobala 1973, Bob Marley ndi gulu la The Wailers anali ku America ngati otsegulira maphwando a Sly and the Family Stone, gulu la Sly Stone uja. Atangoimba malo owerengeka anachotsedwa pa ulendowo n'kutsala ku Las Vegas opanda ndalama zokwanira. Nthawi imeneyo ku America anali asanadziwike kwenikweni. Anafika ku San Francisco, anaimba mu kalabu ya Matrix, ndipo pa 31 Okutobala KSAN inawaulutsa akuimba mu situdiyo ya Record Plant ku Sausalito, kutsidya kwa mlatho wa Golden Gate. Peter Tosh analipo, ndipo Joe Higgs anali m'malo mwa Bunny Wailer amene sanapite nawo ulendowo. Zina mwa nyimbo za tsiku limenelo zinadzatuluka mu 1991 pa chimbale cha Talkin' Blues. Wailesi yotsata mndandanda wa nyimbo 30 zogulidwa kwambiri sikanawatsegulira khomo anyamata a ku Jamaica amenewa, chifukwa pa mndandandawo panalibe dzina lawo. Anamveka chifukwa munthu wina anawamvetsera, anakhutira, ndipo anali ndi mphamvu yonena kuti awa alowe.

Donahue anakhala mkulu wa KSAN kuyambira 1972. Anamwalira ndi matenda a mtima pa 28 Epulo 1975 ali ndi zaka 46. Pa nthawiyi FM inali itasanduka munda wa ndalama, mawailesi ake akugulidwa pa mitengo yokwera, ndipo makampani anabwera ndi alangizi onyamula kafukufuku ndi mindandanda, yomwe ija Donahue anaithawa ku AM. KSAN inalimbalimba zaka zina zochepa, koma mu Novembala 1980 eni ake anaisandutsa wailesi ya nyimbo za country. Mu 1996 dzina la Donahue linalowetsedwa m'nyumba ya chikumbutso ya Rock and Roll Hall of Fame.

Ife amene tinakula ndi wailesi imodzi yokha ya MBC mpaka m'zaka za m'ma 1990 tikudziwa kukoma kwa kukhala ndi mawailesi ambiri. Lero mukapotoza kabatani mupeza ina pambuyo pa inzake. Koma mverani bwino sabata ino, muwerenge nokha kuti ndi kangati pamene mwamva nyimbo imene simunaimvepo, yoikidwa ndi muulutsi amene angathe kukuuzani woimba wake, kwawo, ndi chifukwa chimene waiikira.

Pempho langa likupita kwa inu eni mawailesi ndi akuluakulu a mapulogalamu. Maola a pakati pa usiku, aja otsatsa malonda sawafuna, apatseni kwa mnyamata kapena mtsikana amene mukudziwa kuti ali ndi khutu. Musamupatse mndandanda. Mumulole aike woimba wa ku Chitipa kapena ku Nsanje amene alibe ndalama yoti apatse munthu kuti nyimbo yake imveke. Mumupirire miyezi ingapo musanaweruze. Ndipo mwezi ukatha, mulipireni pa tsiku lake.